Mkulu uja adati dziko litha m'chaka cha 800

Ine kwathu ndi ku Nsambe, kumapiri a m'boma la Neno kuja kumene kumachokera mbatatesi imene ambiri a inu mumapikula. Amene mudakulira kumeneko mundivomereza kuti mwana wa kwathu amayamba kudziwa zilombo za m'buku la Danieli ndi Chivumbulutso asanadziwe n'komwe kulemba dzina lake. Mpingo wa Seventh-day Adventist udazika mizu m'derali kuyambira pamene mishoni ya Matandani idatsegulidwa m'chaka cha 1908, ndiye pa misonkhano ya misasa alaliki ankatipachikira zithunzi: fano lija la mutu wagolide ndi mapazi a chitsulo chosakaniza ndi dongo, kenaka chilombo cha mitu 7 ndi nyanga 10 chikuvuuka m'nyanja. Kunena zoona, usiku wake ena a ife tulo sitinkatiwona.

Chandikumbutsa zimenezi n'chakuti masiku apitawa ndili mumsika ku Limbe ndidamva mlaliki wina, thukuta lili kamukamu, akumasulira chilombo chomwecho. Atafika pachimake adaloza chala bambo wina wovala mkanjo ndi kofia amene amagulitsa nsapato chapomwepo, nauza anthu kuti nachi chilombo chija mukuchiwerengachi. Bamboyo adangowerama n'kumapukuta nsapato zake. Ine zidandiwawa. Ndiye lero ndati tikambeko za munthu wina amene adafa kalekale, amene buku la Chivumbulutso adalidziwa kuposa tonsefe, ndipo adakhala moyandikana ndi ulamuliro wa Asilamu moyo wake wonse. Dzina lake ndi Beatus wa ku Liébana, m'dziko la Spain.

Tiyambe ndi dziko lakelo. M'chaka cha 711 asilikali a Chisilamu motsogozedwa ndi Tariq ibn Ziyad adaoloka nyanja kuchokera kumpoto kwa Africa n'kugonjetsa mfumu yachikhristu yotchedwa Roderic. Pasanathe zaka khumi, pafupifupi Spain yense adali m'manja mwawo, ndipo kuyambira 756 mzinda wa Córdoba udali likulu la ufumu wa Abd al-Rahman woyamba. Akhristu sadathamangitsidwe ayi. Adatsala ndi matchalitchi awo ndi mabishopu awo, koma ankapereka msonkho wapadera wotchedwa jizya, ndipo kunyoza Mtumiki Muhammad poyera kudali kudziitanira imfa. Kumpoto kokha, m'mapiri, ndi kumene kudatsala kaufumu kakang'ono kachikhristu ka Asturias. Liébana ndi chigwa cha kumeneko, chobisika pakati pa mapiri a Picos de Europa, malo ovuta kufikako. Ndikamawerenga za chigwachi ndimangoona msewu wa kwathu nthawi ya dzinja.

Beatus adali mmonke, kutanthauza munthu amene wasiya banja ndi chuma n'kukakhala ndi anzake m'nyumba ya mapemphero. Nyumba yake inkatchedwa San Martín de Turieno, ndipo ilipobe mpaka lero pansi pa dzina lakuti Santo Toribio de Liébana. M'chaka cha 776 adamaliza buku lalikulu lomasulira Chivumbulutso, la zigawo 12, ndipo adalikonzanso m'zaka za 784 ndi 786.

Mwina mufunsa kuti bwanji Chivumbulutso, osati Mateyu kapena Masalimo? Yankho lake n'losavuta. Kale m'chaka cha 633 msonkhano wa mabishopu ku Toledo udalamula kuti buku limeneli liziwerengedwa ndi kulalikidwa m'tchalitchi kuyambira pa Pasaka mpaka pa Pentekoste, ndipo wokana achotsedwe mumpingo. Tsono taganizani wansembe wa kumudzi, wopanda mabuku, atagwira ndime ya dzombe lokhala ndi nkhope za anthu, akhristu akumuyang'ana pakamwa. Anenapo chiyani? Beatus adalembera anthu otere.

Ndipo apa amalonda mumumvetsa msanga mkuluyu, chifukwa sadali mlimi, adali wopikula. Zambiri za m'buku lake sadazilime yekha. Adatapa kwa Jerome, kwa Gregory wa ku Rome, kwa Isidore wa ku Seville, kwa Victorinus ndi ena, n'kuzilumikiza ndime ndi ndime ngati mayi wosoka chigamba. Masiku ano mwana wa ku koleji akatero amamuchotsa sukulu, koma nthawi imeneyo buku limodzi linkatenga zikopa za nkhosa zambirimbiri ndi miyezi ya kulemba pamanja, ndiye munthu wosonkhanitsa mabuku khumi kukhala limodzi adali wothandiza zedi. Chimene chimandisangalatsa ine n'chakuti katundu wake wambiri adachokera kuno ku Africa. Adatapa kwa Augustine wa ku Hippo, kumene lero ndi Algeria, kwa Primasius wa ku Hadrumetum, kumene lero ndi Tunisia, koma makamaka kwa Tyconius, mkhristu wa kumpoto kwa Africa amene adalemba cha m'ma 380. Buku la Tyconius lomasulira Chivumbulutso lidatayika, ndipo akatswiri polifunafuna amakalitola zidutswazidutswa m'buku la Beatus.

Tyconius ameneyu musungeni m'mutu, tibwererako.

Tsopano za tsiku lotsiriza. Akhristu ambiri akale ankawerengera motere: Mulungu adalenga dziko masiku 6, ndipo kalata yachiwiri ya Petro imafanizira tsiku limodzi la Ambuye ndi zaka 1,000. Choncho dziko liyenera kukhala zaka 6,000, kenaka Sabata. Beatus adatenga zaka za makolo a m'Baibulo kuyambira kwa Adamu n'kuziphatikiza. Polemba m'chaka cha 786 adapeza kuti zatsala zaka 14 zokha. Ku Spain ankagwiritsa kalendala yawoyawo imene idali patsogolo ndi zaka 38, ndiye iye adalemba kuti zaka 6,000 zikwana mu 838, chimene pa kalendala yathuyi ndi chaka cha 800. Tisamunamizire, adaonjezapo chenjezo: tsiku lenileni alidziwa ndi Mulungu yekha, ndipo munthu aliyense aziganiza za imfa yake, pakuti kwa amene wamwalira dziko latha kale. Komabe nambala adailemba, ndipo inu mukudziwa kuti anthu akamva nambala, chenjezo lija amalisiya pomwepo.

Pali kankhani kamene adani ake adalemba m'kalata yopita kwa mabishopu a ku France cha m'ma 793. Akuti usiku wina wa Pasaka, Beatus adauza anthu a ku Liébana kuti dziko litha usiku womwewo. Anthu adagwidwa nthumanzi, osadya kanthu usiku wonse, kucha, dzuwa n'kufika paliwombo, mpaka cha m'ma 3 koloko masana a Lamulungu. Pamenepo mkulu wina dzina lake Ordoño, njala itamupweteka, adauza anzake kuti bola adye ndi kumwa, ngati kuli kufa afe ali okhuta. Ndimaseka nthawi zonse ndikaikumbuka nkhaniyi, chifukwa Ordoño ameneyu ndimamudziwa, mudzi uliwonse uli naye wake. Koma kumbukirani kuti oifotokoza ndi anthu amene adali naye pa mkangano woopsa, ndipo mdani sakuyamikira mavinidwe.

Mkanganowo udali wotere. Mkulu wa mpingo wonse wa ku Spain adali bishopu wamkulu wa ku Toledo, nkhalamba yophunzira dzina lake Elipandus, ndipo Toledo adali pansi pa ulamuliro wa Asilamu. Elipandus ankaphunzitsa kuti Yesu monga Mulungu ndi Mwana weniweni wa Atate, koma monga munthu ndi mwana wochita kutengedwa, ngati m'mene munthu amatengera mwana wa m'bale wake n'kumuyesa wake. Ena amati mkuluyu ankafuna mawu oti Asilamu asakhumudwe nawo kwambiri. Ena amati ayi, mawuwo adalipo kale m'mapemphero akale a ku Spain, ndipo Elipandus mwini wake ankaloza ku mapempherowo podziteteza. Beatus adati zimenezo n'kugawa Yesu pawiri, kukhala ndi ana awiri m'malo mwa mmodzi.

Elipandus atamva kuti mmonke wa kumapiri akumutsutsa, adalembera kalata mkulu wina wa amonke dzina lake Fidelis, ndipo mfundo yake yaikulu idali yakuti sizidamvekepo kuti anthu a ku Liébana n'kuphunzitsa anthu a ku Toledo. Abale anga a ku Neno, mawu amenewa si achilendo kwa ife eti? Ukangotsegula pakamwa mu Blantyre muno, wina amayamba wafunsa kaye kuti kwanu n'kuti, ndipo ukatchula Nsambe nkhani yathera pomwepo. Kalatayo Beatus adaiona mwezi wa November 785, pamene adapita ku mwambo wa Adosinda, mkazi wamasiye wa mfumu Silo, amene ankalowa usisitere. Adabwerera kumapiri, ndipo pamodzi ndi mnzake wachinyamata Etherius, bishopu wa ku Osma amene ankakhala ku Liébana komweko, adalemba buku la zigawo ziwiri loyankha Elipandus.

Apa ndiye padatuluka mawu, anthu a Mulungu okhaokha. Dzina lakuti Beatus limatanthauza wodala, ndiye Elipandus ankati mkuluyu ngwodala dzina lokha, kwinaku akumunena za kuledzera ndi zina zotero. Beatus naye sadagonje. Adamutcha bishopu wamkuluyo chiwalo cha thupi la Wokana Khristu, ndipo chiwalo chake sindichitchula pano popeza tsamba lino amawerenganso ana asukulu. Nkhani idakula mpaka idafika kwa mfumu Charlemagne, ndipo msonkhano wa mabishopu ku Frankfurt m'chaka cha 794 udagamula kuti chiphunzitso cha Elipandus n'cholakwika. Alcuin wa ku York, mphunzitsi wamkulu wa kunyumba ya mfumuyo, adalembera Beatus kalata yomuyamikira. Wa kumapiri uja adapambana. Ndale nazo zidalimo, tisabise: mafumu a ku Asturias zidawakomera kuti mpingo wawo usamalamulidwenso ndi bishopu wokhala m'dziko la Asilamu.

Tsono nayi nkhani imene ndalembera zonsezi. Munthu ameneyu adakhala m'dziko limene Asilamu adali atalanda mizinda yonse ikuluikulu. Zaka zomwe ankalimbana ndi Elipandus ndi zomwe mzikiti waukulu wa ku Córdoba udayamba kumangidwa. Ankakhulupirira kuti dziko latsala ndi zaka 14. Adalemba zigawo 12 zonena za chilombo, mneneri wonyenga, Babulo ndi nambala ija ya 666. Inu mukadayembekeza kuti tsamba lililonse pakhala dzina la Muhammad. Koma akatswiri amene adalisanthula bukuli amatiuza kuti mulibemo. Chisilamu sachitchula.

Chifukwa chake ndi Tyconius uja. Mwafirika ameneyu ankaphunzitsa kuti mpingo uli ndi mbali ziwiri, tirigu ndi namsongole m'munda umodzi, ndipo thupi la chilombo silili kunja kokha ayi. Lili ndi ziwalo zake mumpingo momwemo: abale onyenga, ansembe okonda mimba zawo, mabishopu ovala chikopa cha nkhosa. Chilombo chachiwiri chija cha pa Chivumbulutso 13, cha nyanga ngati za mwanawankhosa koma cholankhula ngati chinjoka, kwa iwo chidali mtsogoleri wa mpingo amene maonekedwe ndi a Khristu koma mawu ndi a wina. Beatus adaimeza mfundoyi yonse. Akafuna chilombo ankayang'ana kaye pa guwa la tchalitchi chake, osati pa mzikiti wa mnansi.

Sindikuti adali munthu wofatsa, mwamva kale m'mene adamutukwanira bishopu wa mpingo wake womwe. Kutcha mkhristu mnzako Wokana Khristu chifukwa mwasiyana pa liwu limodzi ndi matenda amene sadathe mpaka lero, ndipo Beatus adali nawo. Komabe pakati pa mlaliki amene amayamba kusesa m'nyumba mwake ndi amene amaloza wogulitsa nsapato, ine ndasankha kale woti ndimumvere.

Njira inayo idayesedwanso ku Spain komweko, ndipo tikudziwa kumene idathera. Mu mzinda wa Córdoba mudali mkhristu wophunzira dzina lake Paul Alvarus, amene zinkamuwawa kuona anyamata achikhristu akukonda Chiarabu ndi ndakatulo zake kuposa Chilatini. M'chaka cha 854 adalemba buku lomasulira nyanga yaing'ono ija ya pa Danieli 7 kuti ikunena za Muhammad. Zaka zomwezo, pakati pa 850 ndi 859, akhristu pafupifupi 50 adaphedwa mumzindamo, ambiri mwa iwo atapita okha kwa woweruza kukanyoza Mtumiki poyera, akudziwa bwino chilango chake. Akhristu anzawo ambiri, ngakhale mabishopu ena, sadagwirizane nazo, popeza zidabweretsa mavuto pa mpingo wonse. Mnzake wapamtima wa Alvarus, wansembe Eulogius, adadulidwa mutu mwezi wa March 859. Kupha munthu chifukwa cha mawu n'koipa, ndipo sindikuikira kumbuyo amene adagwira lupanga. Ndikungoti kamasuliridwe ka ndime imodzi kangathe kutuma anthu kumanda. Kuno kwathu tidaonako utsi wake m'chaka cha 1999, pamene mizikiti ingapo idatenthedwa kumpoto zotsatira za chisankho zitatuluka. Amene timagulitsa pa benchi limodzi, wina wa Lachisanu, wina wa Loweruka, wina wa Lamulungu, sitingazitenge mwachibwana zinthu zotere.

Nanga chaka cha 800 chija? Chidafika, dzuwa lidatuluka monga mwa masiku onse. Chachikulu chimene chidachitika n'chakuti pa Khirisimasi ya chaka chimenecho Papa Leo wachitatu adaveka Charlemagne chisoti chaufumu ku Rome. Beatus adamwalira chakufupi ndi nthawi yomweyo, ndipo Akatolika amamukumbukira pa 19 February. Sadali woyamba kuphonya ndipo sadali wotsiriza. Otsatira a William Miller ku America adadikira pa 22 October 1844, ndipo mwa amene adakhumudwa tsiku limenelo ndi m'mene mudaphuka mpingo umene udadzafika ku Matandani. Elliot Kamwana adabatiza anthu oposa 9,000 ku Nkhata Bay m'miyezi yochepa ya 1908 ndi 1909 akulalikira za chaka cha 1914, atsamunda n'kumuthamangitsa, ndipo adadzabwerera kwawo kuchokera ku Seychelles mu 1937. Ambiri mukukumbukanso mantha a chaka cha 2000, ndi m'mene katemera wa Covid-19 adasandukira 666 m'makambirano a m'minibasi mu 2021.

Chodabwitsa n'chakuti buku la Beatus silidafe ndi nambala yake. M'malo mwake lidayamba kukoperedwa kwambiri patapita zaka zoposa 100, ndipo amonke ankalikongoletsa ndi zithunzi za mitundu yowala, zofiira, zachikasu, zobiriwira: akavalo anayi, mkazi wovala dzuwa, chinjoka chikukokolola nyenyezi ndi mchira. Mabuku azithunzi otere oposa 25 alipobe mpaka lero, ndipo onse amangotchedwa ndi dzina lake lomwelo, Beatus. Limodzi, lojambulidwa ndi mmonke Maius cha m'ma 940, lili ku Morgan Library mu mzinda wa New York. Lina lili ku Girona, lidamalizidwa mu 975, ndipo pakati pa olijambula padali mayi wina dzina lake Ende, mmodzi mwa akazi oyambirira ku Ulaya amene dzina lawo lidalembedwa pa ntchito yawo yojambula. Nditaona zithunzizi koyamba ndidangoti, aa, izi ndi zija za pa misasa ku Nsambe, kungoti izi zidayamba zaka 1,000 m'mbuyomo.

Mulinso mapu a dziko lonse, oonetsa kumene atumwi adakalalikira. Yakobo adamuika ku Spain, ndipo patangopita zaka makumi angapo anthu adati apeza manda a mtumwiyo ku Compostela, kumene alendo achipembedzo amapitabe wapansi mpaka lero. Africa aliponso pa mapupo, koma kum'mwera kwake adadula ndi nyanja n'kuika dziko lachinayi limene ankati munthu sangafikeko chifukwa cha kutentha. M'buku la ku Osma la 1086 adajambulamo munthu wa mwendo umodzi, atagona chagada, akudziphimba dzuwa ndi phazi lake lalikulu. Ndiye kuti ifeyo a ku Neno adatiika kumeneko. Akadadziwa kuzizira kwa ku Nsambe mwezi wa June sakadavutika kujambula phazilo.

Sindibisa kuti ojambula a pambuyo pake ena adayamba kuwerenga bukuli ndi maso a nkhondo, pakuti m'zaka zimenezo asilikali a ku Córdoba ankabwera kumpoto pafupipafupi, ndipo mu 997 al-Mansur adaononga Compostela. M'buku la ku New York lija, phwando la mfumu Belisazara ya ku Babulo lidajambulidwa pansi pa khomo lokhota, la mizere yofiira ndi yoyera, lofanana ndi makomo a mzikiti wa ku Córdoba, ndipo ambiri amati wojambulayo adachita dala. Chimene mwini buku sadalembe ndi cholembera, ena adadzachilowetsa ndi utoto.

Koma pali buku lina la ku Tábara, limene Maius yemwe uja adaliyamba n'kumwalira lisanathe mu 968. Wophunzira wake Emeterius ndiye adalimaliza mu 970, atawerama miyezi itatu thupi lonse likuphwanya, ndipo pa tsamba lotsiriza adajambula nsanja ya nyumba yawo, mabelu ali pamwamba, alembi awiri ali pa tebulo m'kachipinda ka pambali, wina akudula chikopa ndi sizasi. M'mphepete mwa masamba a bukulo muli timawu timene owerenga adalembamo pofuna kumvetsa Chilatini chovuta cha Beatus. Owerengawo adali akhristu, koma timawuto adatilemba m'Chiarabu.